Mayi wothawa nkhondo ku Cabo Delgado akupempha munda kwathu, ndichite bwanji?

Mwana_wa_Domwe:
Abale anga, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Mlamu wanga amagwira ntchito ku Nampula. Mwezi wathawu anabwera kuno ku Domwe, m'boma la Angónia, ndi mayi wina ndi ana ake anayi, kwawo ndi kudera la Macomia ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique muno. Amuna awo anaphedwa ndi zigawenga zija amazitchula kuti mashababu, nyumba inatenthedwa, iwo anapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Anakakhala kwa achibale ku Pemba, kenako ku Nampula, koma konseko nyumba zinali zodzaza kale ndi ena othawa. Panopa akugona m'khitchini mwa apongozi a mlamu wangayo. Pempho ndi lakuti ndiwabwereke chigawo cha munda wathu wa kumunsi kuti alime chimanga dzinja likubwerali. Amayi anga atangomva anati apatse, usachite kufunsanso. Koma achimwene anga aakulu akana kwamtuwagalu. Akuti munda ndi wa banja, wobwereka sabweza, ndiponso anthu a kumeneko sitiwadziwa, mwina atikokera moto pamudzi. Ku chigayo nako anthu ayamba kunong'onezana. Ine mtima wanga ukufuna kuwapatsa, koma sindikufuna kudana ndi mbale wanga wa bere limodzi. Inu mukanatani?

Kachewere77:
Achimwene, yambani mwadzifunsa. Munthu walumpha Nampula, walumpha Zambézia yonse, kudzafika kuno ku Angónia chifukwa chiyani? Boma lili ndi malo osungirako anthu otere kufupi ndi kwawo. Chifundo chinapha nkhwali.

NaJere_Ulongue:
Walumpha chifukwa amene anamugwira dzanja ndi wa kuno. Wothawa nkhondo sasankha njira ngati akupita ku chinkhoswe, amalowera komwe chitseko chatseguka.

Mdzukulu_wa_Lifidzi:
Ndawawerengera agogo anga aakazi nkhaniyi, ndiye akuti ndilembe ndendende zimene akunena. Mawu ndi awo.

Ife tinathawa mu 1986, usiku, a Matsanga, asilikali a Renamo aja, atalowa m'mudzi woyandikana nafe. Ndinabereka mwana wa miyezi isanu ndi itatu, wina ndamugwira pamkono, pamutu mphika umodzi ndi kathumba ka ufa. Nkhokwe yodzaza, mbuzi, nkhumba, zonse tinasiya. Kutacha tinaoloka msewu wa tala uja wochokera ku Dedza kupita ku Ntcheu, pafupi ndi Lizulu, poti malire ndi msewu womwewo. Tinakhala pansi pa mtengo osadziwa kolowera. Mayi wina wobwera kotunga madzi anatiyang'ana, anatula ndowa, nkutiuza kuti tiyeni kunyumba. Sanafunse dzina langa mpaka titadya phala. Tinagona m'khitchini mwake miyezi itatu. Kenako anyakwawa anatilozera malo, tinamanga kanyumba kathu. Chakudya tinkalandira ndi khadi, ufa, nyemba, mafuta pang'ono, koma ndiwo zamasamba, mchere ukatha, moto ukazima, zonsezo zinali kwa mayi uja. Chaka chachiwiri mwana wanga wakhanda uja anamwalira ndi chikuku. Ndinalira kuti ndikamuika kuti poti kwathu sikupitika. Amfumu anati mwana ameneyu ndi wa mudzi uno, akagona kumanda kwathu. Adzukulu a m'mudzimo anakumba, amayi anaphika, anatikhalira pamaliro ngati ndife eni mudzi. Tinabwerera kwathu mu 1993, koma mwana wanga ali komweko mpaka lero. Ndiye muuzeni mnyamatayo kuti anthu anatipatsa manda, iye akuvutika ndi mizere ya chimanga?

Kachewere77:
Agogo ndawamva ndipo ndikupepesa za mwanayo. Koma tinene zoona. Ku Lizulu kuja munapita kwa abale. Chilankhulo chimodzi, mafuko amodzi, a Jere kuno a Jere uko, a Maseko kuno a Maseko uko. Malire anangoikidwa ndi azungu pakati pa mudzi umodzi. Uyu wa ku Macomia sitimvana naye ngakhale moni.

Mphunzitsi_Tsangano:
Bambo Kachewere77, mfundo yanu ili ndi mbali yoona, koma yatsala theka. Nkhondo ija inayamba 1977 nkutha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, pomwe a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasainirana. Pofika kumapeto kwake, dziko la Malawi linali likusunga anthu a kuno oposa miliyoni imodzi. Kalembera wa ku Malawi wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni, ndiye werengani nokha kuti katunduyo anali wolemera bwanji kwa dziko losauka ngati lija. Ku Nsanje inafika nthawi yoti othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma. Kodi onsewo anagwera m'manja mwa abale awo? Ayi. Anyungwe a ku Moatize ndi Changara, Asena a ku Mutarara, Alomwe a ku Zambézia, ambiri anakakhala pakati pa anthu a chilankhulo china. A ku Marávia ndi Chifunde ena anatengedwa kupita ku Ukwimi, m'boma la Petauke ku Zambia, kutali ndi malire. Ena anakathera ku Tongogara ku Zimbabwe. Ubale unathandiza kwa ife a m'mbali mwa msewu, koma si ubale wokha umene unasunga anthu miliyoni.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chikundiwawa. Mayi ameneyu si mlendo m'dziko muno. Pa Chipwitikizi timasiyanitsa refugiado, amene waoloka malire a dziko, ndi deslocado, amene wathawa kwawo koma ali m'dziko lake lomwe. Uyu ndi nzika ngati inu ndi ine, ali ndi ufulu wokhala paliponse kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo. Kusukulu timaphunzitsa ana mawu amenewo tsiku ndi tsiku. Ndiye tikamati abwerere kwawo, kwawo kwake kuti? Nkhondo ya ku Cabo Delgado inayamba pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia, ndipo ngakhale asilikali a ku Rwanda anabwera mu 2021, madera ngati Macomia akhala akuukiridwabe.

Dalaivala_wa_Chapa:
Aphunzitsi, malamulo tawamva. Koma mantha a anthu musawapeputse. Ine ndimayenda msewu wa Tete mpaka Ulongué tsiku lililonse, ndimamva zimene anthu amakamba m'galimoto. Amaopa kuti pakati pa othawa pangabisale akazitape a zigawenga. Sindikunena mayiyu, ndikunena chimene chili m'mitima ya anthu.

NaJere_Ulongue:
Kazitape wobereka ana anayi, wogona m'khitchini ya eni ake?

Dalaivala_wa_Chapa:
Mayi, ndanena kale kuti sindikunena iyeyo. Ndikuti akamuonetse kwa anyakwawa ndi kwa akuluakulu a ku posto (ofesi ya boma ya dera lathu), alembedwe, aliyense adziwe kuti pamudzi pali mlendo wochokera kwakuti. Chobisa ndicho chimabala manong'onong'o. Zikakhala poyera, wonong'ona amasowa chonena.

NaJere_Ulongue:
Apo ndiye tagwirizana.

Mbadwa_ya_Ntcheu:
Ndiloleni ndiyankhulepo ngati wa tsidya lino, poti ndinakwatira ku Tsangano ya kwanuko ndipo gulu lino ndimalitsata. Ndinali mnyamata wa sukulu nthawi imene munabwera. Ndisakunamizeni kuti zonse zinali zokoma. Mitengo inatha. Phiri lomwe tinkatolako nkhuni pafupi ndi kwathu linasanduka mpala m'zaka zochepa, chifukwa aliyense amafuna milimo yomangira ndi nkhuni zophikira. Pachitsime amayi ankapanga mzere kuyambira tambala woyamba. M'kalasi mwathu tinadzaza mpaka ena kukhala pawindo. Ndipo panali kaduka, ndivomere. Chaka cha chilala cha 1992 ife eni mudzi nkhokwe zinali mbee, pomwe anzathu othawa nkhondo akulandira ufa ndi mafuta mwezi ndi mwezi. Bambo anga ankadandaula kuti mlendo akudya, mwini nyumba akugona ndi njala.

Koma mudziwe chimene chinachitika. Ufa womwe uja unkadutsa mpanda usiku kubwera kwathu. Mayi amene tinawapatsa malo kuseri kwa khola ankatipatsa mbale ya ufa ndi kabotolo ka mafuta osatiwerengera. Ndinakula ndi nsima imeneyo chaka chimenecho. Mijigo ina imene tikumwa mpaka lero inakumbidwa chifukwa cha iwo. Ndiye a Mwana_wa_Domwe, ine sindikuuzani kuti mlendo alibe mtengo wake. Ali nawo, ndipo mudzaumva. Achimwene anuwo asatengedwe ngati munthu woipa mtima, akuona mbali imene bambo anga ankaiona. Chofunika ndi kukambirana za mtengowo poyera, osati kunamizira kuti palibe.

Zobue_Malire:
Anthu akukamba za 1986 ngati nkhani ya makolo. Ine ndathawa dzana lomweli. Kumayambiriro kwa 2016 tinachoka kudera la Nkondezi nyumba zitayamba kutenthedwa pa mkangano wa asilikali a boma ndi a Renamo. Tinakafikira pamudzi wa Kapise m'boma la Mwanza. Tinali anthu masauzande pakamalo kochepa, mvula ikugwa, matope mpaka m'akakolo, zimbudzi zosakwana. Eni mudzi anatipatsa malo pomwe iwo akanalima. Pambuyo pake ena anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno, kampu yomwe inasungapo makolo athu pa nkhondo yoyamba ija. Chimene sindidzaiwala si njala ayi. Ndi mawu amene tinkamva kuti akuluakulu ena kwathu kuno akunena kuti ife si othawa nkhondo, tangotsata chakudya chaulere. Munthu wasiya chimanga chikumera m'munda, mbuzi zili m'khola, ukamuuze kuti watsata ufa? Ndiye mukamafunsa kuti mayiyu walumphiranji Nampula, ine ndikumva mawu omwe aja.

Kachewere77:
Pepani achimwene a Zobue_Malire, sindinafune kukutokosani pachilonda.

Zobue_Malire:
Palibe kanthu bambo. Ndangofuna mudziwe mmene funso limenelo limamvekera kwa amene walifunsidwapo.

Malonda_Kwachena:
Ine vuto langa si mayi wa ana anayi. Vuto langa ndi awa amabwera ngati othawa nkhondo, chaka chimodzi chokha ali ndi shopu, chachiwiri mashopu atatu. Pitani mumzinda wa Tete kapena pa Ulongué muone amene akugulitsa sopo ndi shuga. Ife eni dziko tikungoyang'ana. Amalawi anatopa nazo, mu 2023 anasonkhanitsa ambiri mwa iwo kuwabwezera ku kampu ya Dzaleka.

Mbadwa_ya_Ntcheu:
Zimenezo zinachitikadi, koma musazitenge ngati chitsanzo chabwino. Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa 1994, inakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma muli anthu oposa 50,000. Anthu amene ankadzidyetsa okha ndi malonda anabwezedwa kukadikira chakudya chogawidwa chomwenso chikuchepa. Ana anachotsedwa m'sukulu zomwe anazolowera. Ambiri kwathu kuno sanakondwe nazo, makamaka ife amene timakumbukira alendo a m'ma 1980.

Mphunzitsi_Tsangano:
A Malonda_Kwachena, tisasakanize. Si mlendo aliyense wa shopu amene ndi wothawa nkhondo, ena ndi amalonda chabe. Othawa nkhondo ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi Somalia kampu yawo m'dziko muno ndi Maratane, kufupi ndi mzinda wa Nampula, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la INAR. Koma ngakhale atakhala wothawa nkhondo, mukufuna atani? Akakhala pansi kudikira thandizo mumati ndi waulesi wodya zaulere. Akadzuka m'mamawa kutsegula shopu mumati walanda malonda. Musankhe chimodzi.

Malonda_Kwachena:
Ndikufuna alipire msonkho ngati ine, basi. Ndipo boma litithandize nafenso kupeza mpamba.

Mphunzitsi_Tsangano:
Pamenepo palibe angakutsutseni. Koma mlandu umenewo ndi wa inu ndi boma, si wa mayi wa ku Macomia.

Mlimi_Furancungo:
Poti mwatchula mpamba, feteleza chaka chino mukugula bwanji kumeneko? Kuno ku Macanga thumba lakwera moti ena tikuganiza zochepetsa fodya nkubzala soya.

Kachewere77:
Kuno chimodzimodzi. Ndipo mbatatesi ogula a ku Tete ndi Beira akufuna kutenga pamtengo wa chaka chatha. Ine ndasunga matumba anga, ndidikira.

Mlimi_Furancungo:
Musasunge nthawi yayitali, ikayamba kumera mudzagulitsa motaya.

NaJere_Ulongue:
Abambo inu, za mbatatesi tsegulani nkhani yake. Mnzathu akudikira yankho.

Mlimi_Furancungo:
Pepani mayi. Koma zikukhudzana ndithu. Amene akutilimira fodya ndi chimanga kuno ambiri ndi Amalawi obwera kudzagwira ganyu, makamaka chaka cha njala ngati 2024 mvula itadula. Timawapatsa pogona, ena mpaka kamunda, palibe amafunsa chiphaso. Mlendo wobwera ndi khasu kudzatilimira timamulandira ndi manja awiri. Wobwera ndi ana kudzapempha ndiye tiyambe kufunsa za chitetezo?

Wa_ku_Cateme:
Ine ndiima ndi achimwene ake a Mwana_wa_Domwe, ndipo ndifotokoza chifukwa. Nkhani ya malo si yosewera nayo. Ife tinachotsedwa kwathu kufupi ndi Moatize chifukwa cha migodi ya malasha, tinapititsidwa kuno kutali ndi mtsinje ndi msika. Ndinaphunzira kuti munthu wopanda munda ndi mwana wamasiye ngakhale ali ndi imvi. Ku Angónia anthu ndi ochuluka, minda ikuchepa m'badwo uliwonse. Lero mubwereka chigawo, ana anayi aja akula, akwatira, amanga. Pakatha zaka khumi adzati takhala pano nthawi yaitali, ndipo lamulo la malo la 1997 limamuzindikira munthu amene wagwiritsa ntchito malo mokhulupirika kwa zaka khumi. Ana a achimwene akewo adzalima kuti? Chifundo ndi chabwino, koma chisadye cholowa cha ana.

NaPhiri_Joni:
Bambo a ku Cateme, ndiye inuyo amene mukudziwa kuwawa kosowa munda ndi amene mukuti mnzanu asapatsidwe?

Wa_ku_Cateme:
Sindinati asapatsidwe. Ndati banja limodzi lisasenze lokha. Mudzi uli ndi anyakwawa, uli ndi malo a mudzi, mpingo uli ndi munda. Mutu umodzi susenza denga. Bwanji katundu wa dziko lonse agwere pamunda wa anthu awiri apachibale mpaka adane?

Mphunzitsi_Tsangano:
Apa a Wa_ku_Cateme anena chanzeru, ndipo nkhawa ya zaka khumi ili ndi mankhwala ake. Kubwereka kuchitike pamaso pa anyakwawa ndi mboni, kulembedwe papepala kuti ndi kwa nyengo zingati, malire aikidwe. Wobwereka pamaso pa mboni sangadzanene mawa kuti ankayesa malo opanda mwini. Makolo athu ankabwerekana minda chomwecho, kungoti iwo pepala lawo linali anthu.

NaPhiri_Joni:
Ine ndikulemba ndili ku Johannesburg, ndakhala kuno zaka zambiri. Mu Meyi 2008 ndinagona masiku angapo pabwalo la polisi ndi mwana kumsana, titathamangitsidwa m'nyumba ya lendi. Anthu oposa 60 anaphedwa mwezi umenewo, ena mwa iwo a kwathu ku Mozambique. Mawu amene ankatinena ndi omwewa ndikuwawerenga pano: atilanda ntchito, atilanda malo, sitiwadziwa, abwerere kwawo. Amene anatipulumutsa anali mayi wachizulu woyandikana nafe, anabisa katundu wathu m'nyumba mwake nkumatibweretsera chakudya. Anthu a mtundu wake ankamunena, iye osabwerera m'mbuyo. Ndikamva a kwathu akuyankhula ngati anthu amene anatithamangitsa aja, thupi limandizizira.

Kachewere77:
Achemwali, kufunsa mafunso si kuthamangitsa munthu. Palibe pano wanyamula chikwanje.

NaPhiri_Joni:
Zoona achimwene. Koma kunonso sizinayambe ndi zikwanje, zinayamba ndi nkhani za pa chigayo.

Mkulu_wa_Chifunde:
Ana inu mukukamba ngati ife a Tete tinangokhala olandiridwa. Tinalandirapo anthu ifenso, ndipo tinalipira. Dziko litangolandira ufulu mu 1975, a Samora Machel anatseka malire ndi Rhodesia mu 1976 nkulola ana a Zimbabwe, omenya nkhondo ndi othawa omwe, kukhala m'dziko muno. Kuno kwathu kunali kampu ya Tembué. Mu Novembala 1977 asilikali a Ian Smith anaphulitsa Chimoio, patangopita masiku awiri anafika ku Tembué ndi ndege. Ine ndinali mnyamata, ndinamva kugunda kwake. Tinkadziwa kuti kusunga anthu aja kukutiitanira moto, koma sindikumbuka mkulu aliyense wa m'mudzi mwathu akunena kuti achoke. Komanso a ku Angónia funsani makolo anu za a Mboni za Yehova amene anathawa ku Malawi m'ma 1970 nthawi ya a Kamuzu Banda, anadzakhala mbali ya kwanuko. Malire awa anthu awaoloka mbali zonse ziwiri. Chaka chino ndi uyu, chaka china ndi uyo. Ngakhale kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho zitavuta, anthu a ku Morrumbala anaolokanso Shire kuthawira ku Nsanje. Amene akuganiza kuti iye sadzathawanso sanakhale nthawi yaitali m'chigawo chino.

Ndipo za chilankhulo zisakuopseni. Ku Kulamba kwa Gawa Undi ku Mkaika timakumana a maiko atatu nkumati ndife amodzi, chabwino. Koma umunthu umene umathera pa anthu a chilankhulo chako okha ndi ubale chabe, ngakhale fisi amadziwa ana ake.

Mai_a_Mvano:
Pali chimene anthu akuchizungulira osachitchula, ndiye ndichitchule ine. Mayiyu ndi Msilamu, eti a Mwana_wa_Domwe? Chifukwa kuno ndamva amayi ena akuti anthu a chipembedzo chimenecho ndiwo abweretsa nkhondo.

Mwana_wa_Domwe:
Eya mayi, ndi Msilamu. Amayankhula Kimwani ndi Chiswahili, Chipwitikizi pang'ono. Mwana wamkulu ndiye amatimasulira, anafika kalasi 6.

Mai_a_Mvano:
Ndiye amayi anzanga amve. Amuna a mayiyu anali Msilamu, ndipo anaphedwa ndi zigawenga zomwezo. Midzi ya m'mbali mwa nyanja imene yatenthedwa kwambiri ndi ya Asilamu. Munthu waferedwa chifukwa cha anthu amenewo, ife nkumamuyika gulu limodzi ndi amene anamupha mwamuna? Kumeneko ndi kumulasa kawiri. Ife a Mvano kuno tikapita kukamuona Lachinayi. Sitikupita kukamutembenuza, tikupita ndi ufa, sopo ndi zofunda. Ndipo amene mudzamuitane kudzadya, kumbukirani kuti nkhumba sadya, musamuchititse manyazi.

NaJere_Ulongue:
Zofunda zimenezo zichuluke mayi. Munthu wa kunyanja sadziwa chisanu cha kuno. Juni akafika ana aja adzadwala chifuwa. Ine ndili ndi majuzi awiri a ana anga amene awathina, ndipereka.

Mlimi_Furancungo:
Chinanso, musangomulozera munda nkumusiya. Kwawo amalima chinangwa ndi mpunga, ndiwo ndi nsomba. Mizere yathu ya chimanga, nthawi yothira feteleza, kupalira ndi kubandira, zonsezo nzachilendo kwa iye. Mukamusiya yekha adzakolola mphwepwa, anthu nkumati taonani ulesi. Chaka choyamba alime moyandikana ndi wina womuonetsa. Mbewu ya nyemba ndingatumize ine pa chapa (minibasi).

Dalaivala_wa_Chapa:
Ikafika pa mphambano ya ku Matema kapena pa siteji ya mumzinda mundiuze, ndidzainyamula ulere mpaka Ulongué.

Kachewere77:
Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni, ndikuonabe kuti boma likutula udindo wake pa anthu osauka. Nkhondo yatenga zaka zonsezi, gasi ali komweko, ndalama zikukambidwa ndi mabiliyoni, koma wosunga mkazi wamasiye akhale mlimi wa ku Domwe? Komabe poti mayiyo wafika kale, njala siyidikira boma. Nthawi yokumba mbatatesi ndimafuna anthu. Akafuna ganyu abwere, ndidzamulipira ngati wina aliyense, osati mwachifundo.

Zobue_Malire:
Ganyu wolipidwa bwino amaposa thumba la ufa wopatsidwa, bambo. Ku Kapise chimene chinkatidya kwambiri ndi kukhala manja lende kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Mdzukulu_wa_Lifidzi:
Agogo akufunsa ngati ana aja alowa sukulu. Akuti iwo mwana wawo wamkulu anaphunzira ku Malawi zaka zonse zija, ndipo ndi amene anadzakhala woyamba kudziwa kulemba pabanja pathu.

Mphunzitsi_Tsangano:
Funso labwino. Nthawi zambiri othawa amafika opanda mapepala, cédula, chikalata cha kubadwa chija, inapsera m'nyumba. Zimenezo zisalepheretse mwana kulowa m'kalasi. Apite kwa mkulu wa sukulu ndi kalata ya anyakwawa yofotokoza kumene achokera, ana ayambe kuphunzira, za mapepala zizikonzedwa ku Registo Civil, ofesi ya kalembera, pang'onopang'ono. Wamkulu uja wa kalasi 6 musamusandutse womasulira ndi wolera ana basi, abwerere kusukulu.

Mwana_wa_Domwe:
Abale, zikomo nonse, ndawerenga uthenga uliwonse, ena kawiri. Ndikuuzeni mmene zayendera. Dzulo madzulo tinakhala pansi kwa amayi, ine, achimwene ndi atsibweni athu. Ndinawawerengera mawu a agogo a ku Lifidzi ndi a bambo a ku Cateme, onse awiri, kuti achimwene aone kuti nkhawa yawo sindikuitaya. Amayi anayamba kulira, nkutiuza chinthu chimene sanatiuzepo, kuti achimwenewo anabadwira m'nyumba ya eni ake kufupi ndi Biriwiri, ndipo amene anawadula mchombo anali mayi wa kumeneko amene dzina lake lokha ndi limene akulikumbuka. Achimwene anakhala chete nthawi yaitali. Sanavomere zonse. Akuti munda wa kumunsi ayi, chifukwa ndi umene akufuna kudzapatsa mwana wawo akakwatira. Koma alola chigawo cha kumtunda, chomwe ndi changa, kwa nyengo ziwiri, ndipo zilembedwe pamaso pa anyakwawa monga mwanenera aphunzitsi. Nthaka ya kumtundako ndi yotopa, ndikudziwa, ifunika manyowa ambiri, ndipo khola langa ndi laling'ono.

M'mawa uno tinapita kwa anyakwawa ndi mayiwo. Awalemba m'buku, ndipo akuti Loweruka aitanitsa msonkhano wa mudzi kuti awaonetse kwa anthu ndi kufunsa za malo omangapo kanyumba, poti m'khitchini muja sangakhalemo mpaka mvula. Sindikudziwa kuti msonkhanowo ukatha bwanji, alipo ena amene sakufunabe. Pobwerera mayiwo anatola dothi la m'mundamo, analifikisa m'manja, nkufunsa kudzera mwa mwana wawo ngati chinangwa chingabereke kuno. Ndinawauza kuti kuno nkozizira, chimachedwa, koma tiyesa mizere iwiri m'mphepete.

A Mlimi_Furancungo, nyembazo tumizani. Amene ali ndi manyowa a ng'ombe kufupi ndi Domwe andiuze, ngolo ndibwereka kwa atsibweni.

Wa_ku_Cateme:
Pepalalo likhale ndi makope atatu, lina kwa anyakwawa, lina kwa inu, lina kwa mayiwo. Ndipo wina awawerengere m'chilankhulo chimene akumva asanadinde chala.

Mai_a_Mvano:
Loweruka msonkhano uli nthawi yanji? Tikufuna tidzakhalepo, mayiyo asadzaime yekha pamaso pa mudzi.

Mwana_wa_Domwe:
Ikangokwana 9 koloko m'mawa, pabwalo la anyakwawa pansi pa mkuyu.